Supuni ya Msilikali

Supuni ija inkakhala m'chitini cha shuga. Inali yayikulu kuposa masupuni ena onse a m'nyumba mwathu, yolemera, yoderapo m'khosi, ndipo kumapeto kwa chigwiriro chake kunali manambala okhomedwa ndi chitsulo, ena opendekeka. Amayi sankalola kuti tidyere phala. Ntchito yake inali yotapira shuga basi, ndipo shuga akatha inkatsalabe momwemo, n'kumalira munthu akasuntha chitini. "Ndi ya agogo ako aamuna, anafera ku nkhondo," ankatero amayi. Mawu amenewa ndinayamba kuwamva ndisanadziwe n'komwe kuti nkhondo n'chiyani, moti sankandikhudza. Ankamveka ngati kunena kuti mtsinje wa Lilongwe umadzaza m'dzinja.

Tinkakhala ku Old Town, kuseri kwa masitolo, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya malata otentha. Bambo ankayendetsa lole ndipo pakhomo ankangofika ngati mlendo. Amayi ankagulitsa zitenje mu msika. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawathandiza kupinda nsalu, nditaonetsa kaye khadi la chipani kwa anyamata a pageti, pakuti masiku amenewo ngakhale wogula tomato ankayamba waonetsa khadi.

Nyengo imene ndikukumbukayi inali ya chilimwe, Okutobala atangoyamba. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Fumbi lofiira linkalowa m'mano, ndipo pampopi mzere wa zidebe unkafika kumsewu. Ndinali mu Sitandade 5.

Aphunzitsi athu anali bambo wamtali, wa choko m'thalauza nthawi zonse. Tsiku lina anatiphunzitsa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi za amuna a m'dziko muno amene anatengedwa kukamenya nkhondoyo kutsidya la nyanja. Anati tsiku lokumbukira asilikali layandikira, ndipo aliyense amene kwawo kuli kanthu ka msilikali abwere nako. Ndinapempha supuni ija. Amayi anakana kaye, kenaka anaikulunga m'kampango n'kundimangirira m'chiuno.

Anzanga anabweretsa mabatani, wina lamba, wina chipewa chodyedwa ndi njenjete. Supuni yanga anaiseka. Koma aphunzitsi anaitembenuza, naiyang'ana pawindo nthawi yaitali. Anati manambalawo ndi nambala ya agogo ya usilikali, ndipo msilikali aliyense anali ndi yake. "Ukawauze amayi ako kuti ndi nambala iyi boma likhoza kudziwa gulu lawo, kumene anamenya, ngakhale kumene anaikidwa."

Ndinakafotokoza ku msika ndikutafuna chinangwa, ngati nkhani wamba ya kusukulu. Amayi anali kupinda chitenje chobiriwira. Nditafika pa mawu akuti kumene anaikidwa, manja awo anaima. Wogula wina anafunsa mtengo kawiri iwo osamumva.

Pamenepo n'kuti ndisakudziwa bwino mbiri ya amayi. Ndinaitolera pang'onopang'ono nditakula. Bambo awo anapita ku nkhondo iwo ali m'mimba. Uthenga utabwera kuchokera ku boma kuti afa, kumudzi analira maliro opanda mtembo, anameta, moyo n'kupitirira. Agogo aakazi anakwatiwanso, nabereka ana ena. Amayi anakula akuitana bambo munthu amene sanawabereke. Sanali wankhanza, koma pogawa nyama dzanja lake linkadziwa ana ake. Nkhope ya bambo awo enieni sanaione, ngakhale pa chithunzi. Manda oti akasese panalibe. Ndipo agogo aakazi, amene akanatha kuwafunsa, anali atamwalira dzinja lapitalo.

Wotsala anali mmodzi, amalume, mkulu wawo wa amayi wa bambo mmodzi. Amalume anali kalaliki ku Capital Hill ndipo ankakhala ku Area 15, m'nyumba ya boma ya magetsi. Ine ndinkawakonda kwambiri. Kwawo n'kumene ndinayamba kumwa madzi a mufiriji, ozizira mpaka kuwawitsa chipumi. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa mawu, ndipo sankabwera kwathu opanda pensulo kapena kabuku m'thumba la jekete. Amayi ankawapatsa ulemu ngati kholo. Nkhani iliyonse ya pakhomo pathu inkadikira achimwene.

Lamulungu lotsatira tinapita kukawauza zimene ananena aphunzitsi. Amayi anapempha kuti, poti iwo amagwira ntchito komweko, akafunse ku maofesi. Amalume anayang'ana pansi. "Mlongo, akufa asiyeni agone," anatero. Amayi atalimbikira, anawonjezera kuti masiku ano munthu wofunsafunsa za asilikali amakagona kwina, ndipo iwo ali ndi ana oti alere.

Ndiyenera kunena chilungamo, mantha amenewo sanali opeka. Tonse tinkadziwa nyumba zimene bambo anachoka m'mawa kupita kuntchito osabwereranso, ndipo palibe ankafunsa. Choncho amayi sanatsutse. Koma pobwerera, tili m'basi, anandiuza kuti Lachitatu sindipita kusukulu. Iwo Chingerezi sankatha kuwerenga, ndipo pa zitseko za ku Capital Hill panalembedwa Chingerezi.

Tinakwera basi ya ogwira ntchito m'boma, yodzaza ndi amuna a mataye ndi fungo la sopo. Titadutsa mlatho, tauni yathu ya phokoso inatha, n'kuyamba msewu waukulu wodutsa m'tchire, wopanda munthu woyenda pansi. Kenaka nyumba zoyera zija zinatulukira pamtunda, zikuluzikulu, zofanana zonse. Amayi anali atavala chitenje chatsopano chochokera pa katundu wogulitsa. Ndikukumbukira kuzizira kwa simenti ya m'makonde, kulira kwa mataipi kuseri kwa zitseko, ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chotiyang'ana m'chipinda chilichonse chimene tinalowa.

Palibe amene anatichitira chipongwe. Ankangotitumiza kwina. Wa pansi anati tikwere pamwamba, wa pamwamba anati ndi nyumba inayo. Mayi wina wachifundo anatipatsa mpando n'kutiuza kuti za asilikali a nthawi ya atsamunda sizinasamukire ku Lilongwe, mwina zili ku Zomba, mwinanso azungu anapita nazo kwawo. Womaliza anali bambo wa magalasi amene anaigwira supuni ndi zala ziwiri, n'kufunsa kuti watituma ndani ndipo tikufuna kudziwiranji. Amayi anayankha kuti ndi bambo awo. Iye anati, "Ndiye mwadziwa kale kuti anafa. China n'chiyani?" Amayi anathokoza, natenga supuni yawo. Potuluka tinadutsa pafupi ndi nyumba imene amalume ankagwiramo ntchito, koma sitinalowe.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma pafupi ndi benchi la amayi, pakhonde la sitolo, pankakhala atelala ena achisilamu, bambo wachikulire amene makina ake ankalira tsiku lonse kupatula Lachisanu masana. Atamva za ulendo wathu anati mapepala amasochera koma anthu alipo. Iwo ankasoka zigamba pa majasi a alonda ambiri, ndipo alonda ambiri a m'tauni muno anali asilikali akale. Anayamba kutitumiza kwa mmodzimmodzi.

Masabata otsatirawo, Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, tinkayenda. Mkulu woyamba anali wogontha, ankangotichitira sawasha n'kumaseka. Wina anamenya nkhondo yake ku Abisiniya kokha ndipo dzina la agogo sanalimvepo. Wina anatisimbira za sitima ya pamadzi mpaka dzuwa kupendeka, osatipatsa mpata wofunsa. Ine zinkanditopetsa. Nsapato zanga za pulasitiki zinkatentha ngati mbaula, ndipo ndinkaganiza za anzanga amene ankasewera fulaye kuseri kwa masitolo. Amayi sankatopa. Lero ndikaganiza za mayi ameneyo, wosadziwa kuwerenga, akugogoda pa mageti a anthu osawadziwa ndi supuni m'kampango, pa nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kufunsa njira, ndimadabwa kuti mtima umenewo anautenga kuti.

Kenaka atelala anatiuza za mlamu wawo, mlonda ku Area 10, amene analembedwa usilikali pa boma la Lilongwe pomwe pano.

Ku Area 10 ndinali ndisanafikeko. Misewu yake inali ya zii, nyumba zobisika kuseri kwa mipanda ya maluwa, agalu akuuwa mkati osaoneka. Pa nyumba imene tinkafuna, kachitsulo kena kankazungulira kokha pa kapinga n'kumawaza madzi. Ndinaima kukayang'ana, ndikuganiza za mzere wa zidebe kwathu. Eni nyumba anali atachoka. Mlonda uja anatilowetsa pa kageti kakang'ono n'kutiyalira mkeka kuseri, pansi pa mtengo wa papaya, pafupi ndi kachipinda kake.

Anali nkhalamba yowonda, ya chisoti choyera ndi ndevu zochepa, yokhala mowongoka ngati yamezera ndodo. Polankhula ankasakaniza timawu ta Chiswahili. Anailandira supuni ndi manja awiri. Manambala anawawerenga ndi chala, osati ndi maso, kenaka anati akuyandikana ndi ake. Anafunsa dzina. Amayi anatchula. Anafunsa mudzi. Amayi anatchula. Nkhalamba ija inaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakumana ndi mnzake panjira.

"Katondo," inatero. "Ife tinkamutcha Katondo."

Anati agogo anali mlimi ngakhale atavala yunifolomu. Gulu lawo linali la asilikali oyenda pansi, ndipo anayenda mpaka nsapato kutha, koma paliponse pamene aima, agogo ankatola dothi, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza, n'kugamula. La ku Abisiniya anati n'lamiyala, lingabereke mawere basi. La pa chilumba cha Siloni analiyamikira. La ku Bama anati n'labwino koma mvula yake ingaoletse chimanga. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzi, akuti silifika pa katondo wa kwathu. Anatiuzanso kuti anali wamfupi, wa mpata pakati pa mano, wosadziwa kuimba koma wokonda kuyambitsa nyimbo.

Amayi anali ndi mpata pakati pa mano. Ndinawaona akuugwira ndi lilime. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene akupatsidwa chakudya atagona ndi njala. Ndikanakonda nkhalamba ija ikanalekera pomwepo.

Inasimba za ku Bama, za mvula yosakata, misundu yolowa m'masokosi, ndi adani osaoneka m'nkhalango. Inati tsiku lina m'chigwa china chipolopolo chinamulowa Katondo m'ntchafu, gulu linabalalika, ndipo akuluakulu anamuwerengera pamodzi ndi akufa. Amayi anagwedeza mutu, nafunsa ngati akudziwa dzina la chigwacho, ndiponso ngati anawaika bwino.

Mlonda uja anawayang'ana, nayang'ananso supuni. Anafunsa kuti supuniyi inafika bwanji kumudzi. Amayi anati achimwene awo anailandira kwa msilikali wina wobwera ku nkhondo.

"Mama," anatero pang'onopang'ono, "supuni ya wakufa sinkabwera kumudzi. Kumene kuja supuni ya wakufa ankadyera wamoyo. Pole sana, pepani kwambiri. Ine ndimayesa mukudziwa. Katondo sanafe. Anatoledwa ndi gulu lina. Tinakamupeza m'chipatala ku Indiya akutsimphina, ndipo tinabwera naye sitima imodzi."

Ine ndinadumpha pamkeka. "Ndiye kuti agogo alipo!" Amayi anandigwira pamkono, kundifinya mpaka zala zawo kutsala pakhungu, maso ali pa nkhalamba.

Inapitiriza kuti atamasulidwa usilikali aliyense analowera kwawo. Patangopita masiku ochepa inakumana naye pafupi ndi mlatho wa Lilongwe, atakhala pa chikwama chake, akudikira lole yopita ku Fort Jameson, kumene masiku ano timati Chipata. Ankati akafuna ntchito ku migodi. Itamufunsa chimene chavuta kumudzi, iye anangoti, "Kwathu ndapezako mwini." Kenaka anawonjezera kuti, "Koma ana anga ndawaona. Akula bwino." Kuchokera tsiku limenelo sinamvenso za iye.

"Anati ana?" anafunsa amayi. "Osati mwana?"

"Anati ana, mama."

Sitinakwere basi yopita ku Old Town. Tinayenda wapansi kuchokera ku Area 10 mpaka ku Area 15, dzuwa lili pamutu, amayi patsogolo, ine ndikuthamangira m'mbuyo.

Amalume tinawapeza pakhonde atavala vesiti, akupolisha nsapato za Lolemba. Anamwetulira potiona, koma kumwetulirako kunazima pamene amayi sanagwade, sanapereke moni, anangomasula kampango n'kuika supuni pa kampando pakati pa nsapato ndi polishi.

"Achimwene, supuni iyi anakupatsani ndani?"

Amalume anaika burashi pansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana alowe m'nyumba. Amayi anati, "Akhale pompano. Ana amvenso." Sindinamvepo amayi akuwayankha amalume motero.

Anafotokoza maso ali pa nsapato. Anati linali tsiku lina nkhondo itangotha, iwo akudyetsa mbuzi kudambo. Anaona munthu wovala khaki akutsimphina, chikwama paphewa. Anafuna kuthawa, koma munthuyo anawaitana ndi dzina la paubwana limene ankawaitana nalo bambo awo okha. Anakhala pansi limodzi pa chulu. Bamboyo anafunsa za kumudzi, ndipo mnyamatayo, posadziwa chobisa, ananena zonse: kuti maliro awo analira kale, kuti m'nyumba muja muli bambo wina, kuti amayi ali ndi khanda kumsana. Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi. Mkamwini akapeza mkamwini mnzake m'nyumba, alibe poimira. Bamboyo anakhala nthawi yaitali akufikisa dothi la pachulu m'manja. Kenaka anafunsa za mimba imene anaisiya.

"Ndinawauza kuti anabadwa wamkazi," anatero amalume. "Anati ndiwalozere. Tinazungulira kuseri kwa nkhokwe za kumapeto kwa mudzi. Inu munali pabwalo, mukupirikitsa nkhuku pa mphale ndi kandodo. Anakuyang'anani. Anaseka pamene munagwa n'kudzuka nokha. Kenaka anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisauze munthu, chifukwa ndikanena banja la amayi litha, ndipo khanda lija lidzakula lopanda bambo wake ngati ife. Anandilumbiritsa. Anatulutsa supuniyi m'thumba n'kundipatsa. Ndinawaperekeza mpaka kudambo."

Anati supuniyo anaibisa kudenga la khola mpaka asilikali ena atayamba kufika m'midzi yoyandikana, ndipo m'pamene anapeka za msilikali wobwera nayo. Agogo aakazi anailandira, anaiyang'ana nthawi yaitali, osafunsa kanthu.

Amayi anali chiimire. Mawu awo atatuluka anali aang'ono.

"Kuchokera pa nkhokwe kufika pamene ndinali, panali patali bwanji?"

Amalume analoza mpanda wa nyumba yoyandikana nayo.

"Ndiye simunandiitane."

"Anandiletsa, mlongo."

"Simunandiitane, achimwene. Mukanangoti bwera kuno. Simukanati ndi bambo. Ndikanangoona munthu wa khaki, lero ndikanakhala ndi nkhope yoikumbukira. Nanga zaka zonsezi? Amayi atamwalira, amene munkamuteteza anali ndani?"

Akazi a amalume anali ataima pakhomo ndi thireyi ya madzi ozizira, osadziwa kuti aike pati. Amayi anatembenuka n'kundigwira dzanja. Supuni inatsala pa kampando paja, ndipo sindinaionenso.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Fungo la dothi lonyowa linadzaza Old Town, ngumbi zinatuluka, ana tonse tinathamangira kumagetsi a masitolo ndi mabeseni. Amayi anagona masiku angapo chitseko chotseka, akulira ngati mmene amalirira anthu pa maliro. Ine zinandisokoneza. Pamene agogo anali akufa, amayi ankatapa shuga ndi supuni yawo mosadandaula. Tsopano tamva kuti sanafe, ndiye alire?

Tsiku lokumbukira asilikali litafika, aphunzitsi anati amene agogo awo anafera ku nkhondo aimirire. Ndinayamba kudzuka, kenaka ndinakhalanso. Atandifunsa pambuyo pake ngati tinapeza kumene anaikidwa, ndinati ayi. Anandisisita pamutu n'kunena kuti nkhondo ndi yotero.

Amayi anapempha bambo kuti akamapita cha ku Chipata azifunsa za munthu wamfupi wotsimphina, wa mpata m'mano, wochokera ku Lilongwe. Bambo anafunsadi kwa zaka zingapo, m'magalaja ndi m'malo omwera tiyi. Sanapeze kanthu. Inenso nditakula ndinayesa. Ndawerenga za njira imene magulu a asilikali oyenda pansi a kuno anadutsa, ndikhoza kuloza pa mapu mitsinje imene anawoloka. Za msilikaliyo ndikudziwako ndithu. Za munthu amene anakwera lole pa mlatho uja sindikudziwa chilichonse, kaya anakwatiranso, kaya ndili ndi abale ku migodi, kaya anamuika ndani.

Ku Area 15 sitinapitenso. Koma amalume anayamba kubwera ku msika Loweruka lililonse akaweruka masana. Ankaima patsogolo pa benchi la amayi, jekete pamkono, n'kupereka moni. Amayi ankayankha mwaulemu wonse, ulemu umene ankapatsa wogula aliyense. "Takulandirani, bambo. Mukufuna chotani?" Amalume ankaloza chitenje chilichonse, amayi n'kuchikulunga m'pepala. "Zikomo, bambo, mupite bwino." Mawu akuti achimwene sanatulukenso pakamwa pawo. Atelala ankaimitsa makina awo n'kumapukusa mutu. Tsiku lina anawauza amayi kuti magazi satha ndi sopo, koma amayi anangopitiriza kupinda nsalu. Akazi a amalume anadzandiuza nditakula kuti zitenjezo zinadzaza sutikesi, zosavalidwa.

Ine ndinali kumbali ya amayi, monga achitira mwana. M'maso mwanga amalume anali munthu wamkulu wa taye amene ananama, ndipo wabodza kusukulu ankakwapulidwa. Mapensulo awo ndinkalandira, koma mosasangalala.

Amalume anamwalira ndili ku sekondale, atadwala masiku ochepa. Uthenga unapeza amayi pa benchi lomwelo. Pa maliro analira kuposa wina aliyense, akugubuduzika pakhonde lija, akuitana achimwene, achimwene, dzina limene anawamana zaka zonsezo. Sindikuwaweruza. Amayi analandidwa chinthu chimene sichikanabwezedwa, ndipo munthu yekhayo amene akanamukwiyira anali yemweyo amene ankawakonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu awiriwa, ana okhawo a Katondo, ankakumana Loweruka lililonse, pakati pawo pali benchi lokha, ndipo palibe anapeza mawu.

Pali Loweruka limodzi la nyengo yomwe ija limene limandibwerera kawirikawiri. Mvula inali itangokata, m'tinjira ta mu msika muli matope. Amayi anali atapita kukatenga katundu, ine n'kutsala ndekha pa benchi. Amalume anafika, nsapato zawo zopolisha zija zitadetsedwa. Ataona kuti amayi palibe sanaloze chitenje. Anangoima n'kumandiyang'ana, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ngati telala woyeza ndi maso. Anayang'ana timikono tanga, ndi mawondo anga otuwa.

"Kodi iwe uli ndi zaka zingati tsopano?" anafunsa.

Ndinawauza.

"Eya," anatero. "N'zomwezo." Anakhala ngati akufuna kunena china, koma anangoika dzanja pamutu panga. Kenaka anatembenuka n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Amayi atabwera ndinawauza monyoza kuti amalume aiwala ngakhale zaka zanga, pamene chaka chilichonse ankandigulira kabuku pa tsiku langa lobadwa. Amayi anangotula katundu pa benchi. Ine ndinapitiriza kupinda nsalu, ndili wokhutira kuti ndawagwira pa cholakwa china.

Sindikanatha kudziwa kuti sanaiwale. Ndinkaona bambo wa imvi, ndipo sindinkadziwa kuti munthu wa imvi anakhalapo mwana wodyetsa mbuzi. Amene analumbira kuseri kwa nkhokwe uja, amene anaperekeza bambo ake mpaka kudambo n'kubwerera yekha kukatsekera mbuzi, kudya ndi anthu osanena kanthu, anali ndi timikono ngati tanga.